Pulogalamu Imodzi, Nthawi Zosiyana: Masekondi Enawo Amapita Kuti?

Nyumba zambiri za ku Area 43 anazimanga kuti muzikhala mabanja, koma masiku ano zina zinasanduka maofesi a mabungwe ndi makampani ang'onoang'ono. M'chipinda chomwe chikanakhala chogona ana mwadzaza matebulo ndi malaputopu, ndipo okhalapo ntchito yawo ndi kusanja manambala: mayina a alimi olandira mbewu, ziwerengero zochokera m'zipatala, malipiro a kumapeto kwa mwezi. Ambiri ali ndi timapulogalamu tawo tomwe analemba mu Excel, Stata, R kapena Python kuti tiziwapeputsira ntchito. Onsewa amadziwa khalidwe lina la kompyuta lomwe sililembedwa mu lipoti lililonse. Pulogalamu yomwe m'mawa yamaliza ntchito m'masekondi 8, masana itenga 13, mawa lake 9. Fayilo ndi yomweyo, makina ndi omwewo, ndipo palibe wasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Tikafunsana chifukwa chake, yankho limakhala kale pakamwa: "Ndi netiweki." Likakanika limenelo timati makina akalamba, kapena mwalowa vairasi, kapena magetsi ndi ofooka. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma kusinthasintha kumeneku kumaonekanso pa kompyuta yongotuluka kumene m'katoni, yosalumikizidwa ku intaneti, ikuwerengera masamu oti mwana wa sitandade 5 akhoza kuwatha. Akatswiri a m'mayunivesite ndi m'makampani akuluakulu akhala akufufuza nkhaniyi kwa zaka zoposa 20, ndipo zomwe apeza zikuloza kumodzi: funso lakuti "pulogalamuyi imatenga nthawi yaitali bwanji" lilibe yankho la nambala imodzi. Yankho lake ndi mulu wa manambala. Munthu amene watola imodzi pa muluwo n'kugamulirapo nkhani, kaya yogula makina atsopano kaya yolipira katswiri amene akuti wafulumizitsa pulogalamu, amakhala akuchita maere asakudziwa.

Lonjezo limene kompyuta sinapereke

Chimatisokoneza n'chakuti kompyuta ndi yokhulupirika pa yankho. Ukaipatsa manambala omwewo ndi malangizo omwewo, idzakubwezera zotsatira zomwezo lero, mawa ndi chaka chamawa. Tikaona zimenezo timangoganiza kuti nthawinso iyenera kukhala yomweyo. Koma opanga makinawa sanalonjezepo zimenezo. Njira zambiri zomwe anapeza zofulumizitsira kompyuta n'zongolosera. Makina amasunga pafupi zinthu zomwe akuganiza kuti zifunikanso posachedwa. Amayamba ntchito ina asanatsimikize kuti ndi imene ikubwera. Amathamanga mopitirira muyezo malinga ngati kutentha kukulola. Akalosera bwino, pulogalamu imatha msanga. Akaphonya, amabwerera n'kudikira. Yankho lomaliza silisintha, koma njira yofikira yankholo imasintha ulendo uliwonse.

Ngakhale mawu akuti "nthawi" ali pawiri. Pali nthawi ya pa wotchi, yomwe munthu wakhala akuyang'ana pa sikirini, ndiye pali nthawi imene purosesa inagwiradi ntchito ya pulogalamu yako. Pa Linux ndi pa Mac pali lamulo lotchedwa time lomwe limaonetsa zonsezi. Nambala ya wotchi ikakhala yaikulu kwambiri kuposa ya purosesa, ndiye kuti pulogalamu inali kudikira chinachake, mwina disiki, mwina intaneti, mwina mpata. Zonse zikakula limodzi, ndiye kuti purosesayo inagwira ntchito mochedwa. Kusiyanitsa ziwirizi kokha kumachotsa theka la mikangano ya muofesi.

Kutentha ndi magetsi

Nambala ya liwiro imene imalembedwa pa katoni ya laputopu si liwiro limene purosesa imayendera nthawi zonse. Purosesa imasintha liwiro lake kambirimbiri pa sekondi. Ikakhala yopanda ntchito imatsika kuti isawononge batire. Ntchito ikabwera imakwera, ndipo kuyambira 2008, pamene Intel inabweretsa Turbo Boost, imatha kudutsa liwiro lake lokhazikika kwa kanthawi. Kanthawiko kakatha, kapena kutentha kukayandikira madigiri 100 mkati mwake, imadzitsitsa yokha kuti isapse.

Apa ndi pamene nyengo ya Lilongwe imalowerera m'manambala athu. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, masana kumatentha kudutsa madigiri 30, ndipo fumbi la miyezi ya chilimwe limakhala litatseka kale timipata totulukira mpweya. Laputopu yomwe mu Juni, m'mawa wa chisanu, inkathamanga osapuma, mu Okutobala imafika pa malire ake a kutentha m'masekondi ochepa. Malaputopu ambiri omwe timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo phala lomwe limapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa limakhala litauma.

Magetsi nawo ali ndi mbali yawo, koma osati monga timaganizira. Kompyuta siichedwa chifukwa magetsi a ESCOM "afooka". Chaja imawongola magetsiwo asanalowe mkati. Chomwe chimachitika n'chakuti magetsi akathima laputopu imayamba kudya batire, ndipo malaputopu ambiri anawatchera kuti akakhala pa batire azichepetsa liwiro. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka kuthimathima kunali kwa maola ambiri pa tsiku. M'miyezi imeneyo laputopu imodzi inali ngati makompyuta awiri osiyana, malinga ndi ola la ndandanda ya kuthima kwa magetsi. Palinso malaputopu ena omwe amafunsa chaja kuti idzitchule. Ikakhala chaja yogula pa benchi ku Old Town yomwe siyankha bwino funsolo, kapena yochepa mphamvu, makina amadzitsitsa liwiro ngakhale batire litadzaza.

Mtunda wa mkati mwa makina

Purosesa imawerengera mofulumira kwambiri kuposa momwe manambala amafikira kwa iyo. Kutenga nambala mu cache, kamemori kakang'ono kokhala mkati mwa purosesa momwemo, kumatenga pafupifupi nanosekondi imodzi, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Kuitenga mu RAM kumatenga nanosekondi pafupifupi 100. Kuitenga pa SSD kumaposa pamenepo maulendo ngati 1,000. Pa disiki yozungulira ija yakale ndi mamilisekondi ngati 10, kutanthauza maulendo 100,000 kuposa RAM. Disiki ya laputopu yozungulira maulendo 5,400 pa mphindi imafuna mamilisekondi 11 kuti izungulire kamodzi, ndiye ngati chomwe ukufuna changodutsa kumene pa singano yowerengera, udikira kuti chibwerenso.

Masitepe amenewa ndi otalikirana kwambiri moti kasinthidwe kakang'ono ka pomwe nambala yapezeka kamasintha nthawi yonse. N'chifukwa chake kutsegula fayilo koyamba m'mawa kumachedwa, kachiwiri n'kufulumira: Windows kapena Linux yasunga fayiloyo mu RAM. Koma taonani kuti zimenezi zikukokerana ndi za kutentha zija. Kusunga mu RAM kumafulumizitsa ulendo wachiwiri kuposa woyamba, pamene kutentha kumachedwetsa ulendo wa 10 kuposa woyamba. Munthu woyeza kawiri kokha akhoza kupeza kuti pulogalamu ikufulumira kapena ikuchedwa, malinga ndi mphamvu imene yapambana tsiku limenelo.

RAM nayonso imapuma. Timabokosi tosungira manambala mu RAM timataya magetsi pang'onopang'ono, choncho pa mamaikirosekondi pafupifupi 7.8 alionse memori ya DDR3 kapena DDR4 imaima kanthawi kuti idzitsitsimutse. Ikatentha kudutsa madigiri 85 imachita zimenezi mowirikiza kawiri. Munthu sangamve kupuma kumeneku, koma woyeza tizinthu tating'onoting'ono amakuona m'manambala ake.

Pulogalamu yako siili yokha

Ukatsegula Task Manager pa Windows upeza mapulogalamu ochuluka akuyenda ngakhale iwe watsegula imodzi. Wina akufufuza mavairasi, wina akukopa zosintha za Windows, wina akutumiza mafayilo ku OneDrive kapena Google Drive, Chrome ili ndi masamba ake khumi ndi angapo. Onsewa amagawana purosesa mosinthana, aliyense mamilisekondi ochepa. Pulogalamu yako ikachotsedwa pampando n'kubwezedwa, imapeza cache itadzaza zinthu za wina, ndipo imayambanso kutolera zake. Mtengo wa kusokonezedwa umaposa nthawi imene unalandidwa.

Makina atsopano anawonjezera vuto lina. Mafoni ambiri, kutsatira njira imene ARM inalengeza mu 2011, ndiponso mapurosesa ambiri a Intel kuyambira 2021, ali ndi mitima (tizigawo tamkati towerengera masamu) ya mitundu iwiri: ina yamphamvu, ina yosunga batire. Si iwe amene umasankha mtima umene pulogalamu yako igwere. Lero ikhoza kugwera wamphamvu, mawa wofooka.

Nkhani yodziwika kwambiri ya kusokonezana kotereku inachitikira ku Los Alamos, ku America. Kumeneko kunali kompyuta yaikulu yotchedwa ASCI Q, ya mapurosesa 8,192, yomwe inkagwira ntchito mochedwa kuposa momwe masamu ankanenera, popanda chowonongeka chilichonse. Fabrizio Petrini, Darren Kerbyson ndi Scott Pakin anafotokoza mu 2003 zomwe anapeza. Chodabwitsa choyamba chinali chakuti ntchito ikakula, kugwiritsa ntchito mapurosesa 3 mwa 4 a pa bokosi lililonse kunkafulumira kuposa kugwiritsa ntchito onse 4. Gwero lake linali timapulogalamu tating'ono ta dongosolo la makinawo, tomwe tinkadzuka kanthawi n'kugonanso. Pa bokosi limodzi kuchedwako kunali kosaoneka. Koma popeza mapurosesa onse ankadikirana pa sitepe iliyonse, wochedwa mmodzi ankaimitsa anzake onse, ndipo pa mapurosesa masauzande nthawi zonse pamakhala wina amene wachedwa. Atachotsa ndi kukonza timapulogalamuto, pulogalamu yawo yaikulu inafulumira pafupifupi kawiri, osaikonza mzere uliwonse.

Zomwe sizimayenera kukhala ndi kanthu

Zonse tatchulazi munthu akhoza kuzimvetsa. Zimene zinadzidzimutsa akatswiri ndi zinthu zomwe mwa nzeru wamba sizikhudzana n'komwe ndi liwiro. Mu 2009 Todd Mytkowicz ndi Amer Diwan a ku University of Colorado, Matthias Hauswirth wa ku Lugano ndi Peter Sweeney wa ku IBM anaonetsa kuti kukula kwa timawu tomwe Linux imapatsa pulogalamu iliyonse poyamba, monga dzina la munthu amene walowa pa kompyuta ndi dzina la foda imene ali, kumasintha nthawi. Pa kapulogalamu kena kakang'ono kusinthako kawirikawiri kunali pafupifupi 33 peresenti, ndipo pena kunayandikira 300 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti anthu awiri ogwiritsa ntchito kompyuta imodzi akhoza kupeza nthawi zosiyana chifukwa chakuti dzina la wina ndi lalitali.

Si matsenga. Timawuto timasungidwa pa chiyambi cha malo amene pulogalamu imagwirira ntchito mu memori, ndiye tikatalika timakankha zonse zotsatira. Cache imatenga zinthu m'timagulu ta mabaiti 64, ndipo kagulu kalikonse kali ndi malo ochepa omwe kangakhalemo. Manambala akasuntha pang'ono, ena amagwera pamalire a timagulu tiwiri, ena amayamba kulimbirana malo amodzi n'kumathamangitsana. Ofufuzawa anapezanso kuti ndondomeko imene zidutswa za pulogalamu zalumikizidwira imachita chimodzimodzi, ndipo kusinthaku kunali kokwanira kutembenuza chigamulo: njira yooneka yofulumira pa kachitidwe kena inkaoneka yochedwa pa kena. Atawerenga nkhani zofufuza 133 zofalitsidwa pa misonkhano ikuluikulu ya akatswiri a makompyuta, sanapezemo ngakhale imodzi yomwe inasamala mokwanira za vutoli.

Chowonjezera pamenepo, makompyuta a masiku ano amasuntha dala malo a pulogalamu mu memori nthawi iliyonse ikayamba, pofuna kusokoneza akuba a pa intaneti. Linux inayamba zimenezi mu 2005, Windows inayambira pa Vista. Python nayo, kuyambira mtundu wa 3.3 mu 2012, imasakaniza dala momwe imasungira mawu m'matebulo ake amkati, pa chifukwa chomwecho cha chitetezo. Choncho kapulogalamu ka pa tebulo la ku Area 43 kaja sikakhala pamalo amodzimodzi kawiri, ngakhale mwini wake ataumirira kuti sanasinthe kanthu.

Wotchi yoyezera nayonso ikhoza kunama. Mawotchi ena a mkati mwa Windows amadumpha mamilisekondi 15.6 nthawi imodzi. Ukayeza nawo ntchito ya mamilisekondi 5, nthawi zina adzakuuza kuti yatenga 0, nthawi zina pafupifupi 16, ndipo onse awiri ndi mabodza.

Zilankhulo zomwe zimadzikonza zili paulendo

Mapulogalamu olembedwa mu Java kapena JavaScript sayamba ndi liwiro lawo lonse. Makina owayendetsa amayamba ayang'ana mbali zomwe zikubwerezedwa kawirikawiri, kenako n'kuzimasuliranso kuti zifulumire. Kwa zaka zambiri aliyense ankakhulupirira kuti pulogalamu yotere imayamba mochedwa, n'kufulumira, n'kukhazikika pa liwiro lake lapamwamba. Edd Barrett, Laurence Tratt ndi anzawo a ku King's College London anayesa chikhulupiriro chimenechi mu 2017 mosamala kwambiri. Ankazimitsa ndi kuyatsanso kompyuta asanayeze ulendo uliwonse, n'kudikira kuti kutentha kwake kubwerere pomwe kunali. Ngakhale anachita zonsezo, mayeso omwe anatsata njira yoyembekezerekayo nthawi zonse sanapitirire 43.5 peresenti. Mapulogalamu ena ankachedwa m'malo mofulumira, ena sankakhazikika n'komwe.

Zilankhulo zambiri, kuphatikizapo R, Python ndi Java, zilinso ndi wosesa wake amene amatolera memori yomwe yatha ntchito, nzeru imene John McCarthy anayambitsa mu 1959. Wosesayu amabwera pa nthawi yake, osati yako, ndipo akabwera pulogalamu imatha kuima kaye.

Pamene ilidi netiweki

Tsopano tibwerere ku yankho lathu lokondedwa lija, chifukwa pulogalamu ikamafunsa seva yakutali, netiweki imameza zifukwa zina zonse. Kuwala mu chingwe cha faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Johannesburg ili pa mtunda wa makilomita ngati 1,500 kuchokera ku Lilongwe, ndiye kupita ndi kubwera sikungachepere mamilisekondi 15. London ili pa makilomita ngati 8,000, kutanthauza mamilisekondi osachepera 80. Amenewa ndi malire a chilengedwe. Zenizeni zimaposa, popeza Malawi alibe nyanja ya mchere ndipo zingwe zathu zimadutsa m'maiko oyandikana nawo kukakumana ndi za pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa, Malawi anali m'gulu la maiko omwe intaneti inavuta, ndipo uthenga womwe unapeza njira unkazungulira kutali.

Vuto limakula pulogalamu ikamafunsa seva kamodzikamodzi. Ngati ikutenga mayina 1,000, lililonse palokha, ndipo ulendo uliwonse ndi mamilisekondi 200, yadikira masekondi 200. Ulendo ukakwera kufika 300 chifukwa cha kuchulukana kwa anthu madzulo, masekondi 100 awonjezereka popanda chosintha pa kompyuta yako. Mankhwala ake si intaneti ya mtengo wapatali koma kulemba pulogalamu kuti izitenga mayina onse ulendo umodzi.

Jeffrey Dean ndi Luiz André Barroso a ku Google anapereka masamu mu 2013 omwe aliyense woyang'anira makina ayenera kuwadziwa. Tiyerekeze kuti seva imachedwa kamodzi kokha pa mafunso 100. Munthu wofunsa seva imodzi saona vuto. Koma ngati funso lake likufuna mayankho a maseva 100 nthawi imodzi, mwayi woti imodzi mwa iwo ichedwa ndi 63 peresenti. Kuchedwa kwa apo ndi apo kwasanduka kwa masiku onse. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena kutapa ndalama pa ATM, kumadutsa m'makina angapo otsatizana, ndipo wochedwa mmodzi pa mzerewo ndi amene iwe umamumva.

Pali chizindikiro chimodzi chothandiza. Ngati nthawi yowonjezereka imabwera m'miyezo yofanana, mwachitsanzo mamilisekondi 40 kapena 200 nthawi zonse, ndiye kuti penapake pali wotchi imene ikudikiridwa. Chitsanzo chakale ndi lamulo la John Nagle la 1984, lomwe limasunga timauthenga tating'ono kuti titumizidwe pamodzi. Likakumana ndi lamulo lina lochedwetsa kuvomera kuti uthenga wafika, mbali ziwirizo zimadikirana mpaka wotchi italira.

Kuyeza ngati a ku Chitedze

Njira yothana ndi vuto la kusinthasintha kwa nthawili si yachilendo ku Lilongwe. Pa msewu wa ku Mchinji pali Chitedze, malo ofufuzira za ulimi. Wofufuza wa kumeneko akafuna kudziwa ngati mbewu yatsopano ya chimanga kapena mtedza ikuposa yakale, sadzala imodzi kumtunda ina kumunsi n'kuyerekeza matumba. Amadziwa kuti munda si wofanana: apa panali chulu, apo madzi amaima, uko nthaka ndi yamchenga. Amagawa mundawo m'timagawo tambiri, mbewu iliyonse n'kuibwereza kangapo, ndipo malo ake amawasankha mwa maere kuti pasakhale mbewu yokonderedwa ndi nthaka. Njirayi anaikhazikitsa Ronald Fisher ku Rothamsted, ku England, m'zaka za m'ma 1920. Akatswiri a makompyuta anachedwa kuitengera chifukwa ankaganiza kuti munda wawo ndi wosalala.

Charlie Curtsinger ndi Emery Berger a ku University of Massachusetts Amherst anaitengera njirayi mu 2013. Anapanga chida chotchedwa Stabilizer chomwe chimasunthasuntha malo a pulogalamu mu memori mwa maere pamene ikuyenda, kuti mwayi wa malo usakondere mbali imodzi. Atayeza motero, anapeza kuti phindu la sitepe yapamwamba yofulumizitsira mapulogalamu yotchedwa O3, poyerekeza ndi O2, silinkasiyana ndi phokoso wamba la m'manambala.

Woyeza wa muofesi safunika chida chotero. Chofunika ndi mwambo. Yezani maulendo ambiri, 20 kapena 30, osati awiri. Poyerekeza njira yakale ndi yatsopano, musamalize yakale yonse m'mawa n'kuyamba yatsopano masana. Zisinthanitseni, iyi kenako iyo, kuti kutentha ndi ola zigwere zonse mofanana. Laputopu ikhale pa chaja yake yeniyeni, mapulogalamu ena atatsekedwa. Lembani tsiku, ola, ngati magetsi analipo, ndi intaneti imene munagwiritsa ntchito. Ulendo woyamba muulembe paokha, chifukwa ukuyankha funso lina.

Kenako yang'anani maonekedwe a manambalawo musanathamangire avereji. Oyamba okha akakhala aakulu, ndi cache. Akamakwera pang'onopang'ono, ndi kutentha. Akagawika m'magulu awiri, ganizirani za batire ndi chaja, kapena mitima iwiri ija. Ambiri akakhala ofanana koma mmodzi mwa apo ndi apo n'kudumpha, pali wina amene akulanda mpando, kapena wosesa memori wafika.

Nambala iti ndiyo yoona?

Apa akatswiri sagwirizana, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Ena amati tengani nambala yochepetsetsa, chifukwa zosokoneza zimangowonjezera nthawi, sizichotsa. Ulendo wofulumira kwambiri ndiwo wayandikira mtengo weniweni wa pulogalamu. Malangizo a chida cha timeit cha Python amatsata maganizo amenewa, ndipo Jiahao Chen ndi Jarrett Revels a ku MIT anawaikira kumbuyo mu 2016. Ena, monga Andy Georges, Dries Buytaert ndi Lieven Eeckhout a ku Ghent mu 2007, anaonetsa kuti kutola nambala yabwino koposa kumatha kusocheretsa, ndipo analimbikitsa kupereka avereji pamodzi ndi malire osonyeza kukayika kwake. Zomwe anapeza a Mytkowicz zikulimbitsa mbali yachiwiriyi: si zosokoneza zonse zomwe zimangowonjezera, popeza malo a mu memori akhoza kukukondera lero n'kukutaya mawa.

Kunena zoona, nambala iliyonse ikuyankha funso lake. Yochepetsetsa imauza wolemba pulogalamu zomwe makina angathe zinthu zitayenda bwino. Ya pakati, imene imapezeka ukandandalika manambala kuyambira wamng'ono n'kutola wapakatikati, imauza woyang'anira ofesi zomwe ayembekezere tsiku wamba. Koma munthu amene ali pamzere samva avereji. Amamva ulendo umodzi uja pa 100 womwe makina anaima iye ali kutsogolo. Pa ntchito zotumikira anthu, nambala yofunika ndi ya kumapeto koipa.

Zipatala zathu ndi malo amene zimenezi zimaoneka bwino. Mu 2001 Gerry Douglas ndi anzake, omwe ntchito yawo inadzakhala Baobab Health, anaika makompyuta ogwira ndi chala pa sikirini ku Kamuzu Central Hospital olembera odwala, ndipo pambuyo pake njirayi inafalikira m'zipatala zopereka ma ARV. Anasankha makina odya magetsi ochepa, oyendera mabatire, ndi seva yokhala pachipatala pomwepo. Makinawo sanali amphamvu, koma kamangidwe kameneka kanachotsa magwero awiri aakulu a kusinthasintha, kuthima kwa magetsi ndi mtunda wa intaneti. Kwa kalaliki amene ali ndi mzere wa odwala, makina oyankha m'masekondi awiri nthawi zonse amaposa oyankha mu theka la sekondi koma n'kumaima mphindi yathunthu kangapo pa tsiku.

Chotsala chosafotokozeka

Ukachita zonsezi, kusinthasintha kumachepa koma sikutha. Gulu la ku King's College lija linalamulira chilichonse chomwe likanatha, komabe linatsala ndi manambala omwe silinathe kuwafotokoza. Mkati mwa purosesa muli zigamulo zomwe opanga ake safalitsa, ndipo muli ntchito zina zomwe zimachitika mobisika ngakhale kwa Windows ndi Linux. Chifukwa chilipo ndithu. Kungoti kuchifukula kumadya nthawi yoposa masekondi amene ukufuna kupulumutsa. Luso lagona pa kudziwa kukula kwa phokoso la makina ako. Ngati pulogalamu imasinthasintha ndi 10 peresenti payokha, kusiyana kwa 5 peresenti si nkhani, ndipo kusiyana kwa maulendo atatu ndi nkhani yofunika kuilondola.

Phindu la zonsezi ndi la ndalama. Maofesi a ku City Centre ndi a m'ma Area amagula malaputopu ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa, pamene vuto mwina linali fumbi mu fani kapena chaja yolakwika. Amasintha kampani ya intaneti pamene pulogalamu yawo ndi imene ikufunsa seva maulendo 1,000 m'malo mwa kamodzi. Amasainira kuti ntchito yatha ataonetsedwa ulendo umodzi wofulumira m'chipinda chozizira bwino. Wogulitsa makina kapena wolemba pulogalamu akanena kuti "yanga ndi yofulumira ndi 20 peresenti", pali mafunso anayi oyenera kumufunsa cheke chisanalembedwe: mwayeza kangati, pa makina ati, manambala anatalikirana bwanji, ndipo woipitsitsa anali uti. Amene wayezadi amakhala ndi mayankho ake papepala.